Lekani kuyeza mitima ya ana athu, apatseni oda yoyamba

Kafikeni pamphambano ya ku Bembeke m'mamawa wa mwezi wa Julaye, nkhungu isanalisiye phiri la Dedza. Mukapeza amayi atawerama pamabeseni, akutsuka mbatata ya kachewere m'madzi ozizira olasa mpaka m'mafupa. Pambali pawo anyamata akusankha ndi maso: yaikulu uku, yaing'ono uko, yotemeka ndi khasu iponyedwe apo. Lole ya venda wa ku Lilongwe yaima injini ili chilirire, ndipo wotchula mtengo ndi iyeyo, poti akudziwa kuti mlimi alibe posunga. Akakana lero, pakutha pa masiku mbatata yabiriwira, ina yayamba kununkha. Za tomato ndiye musachite kufunsa. Akachuluka, ofewa amathera m'ngalande za m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pano mpaka ku Lizulu.

Chilichonse mwa zimenezi ndi ntchito ya injiniya. Makina otsukira mbatata, makina osiyanitsa yaikulu ndi yaing'ono, nyumba yosungiramo mbewu yolowa mpweya ndi kuwala koyenera, choumitsira ndiwo zamasamba, chophikira tomato kuti alowe m'botolo: mulibe matsenga m'menemo. Ndi zitsulo, malamba, mota, ndi masamu omwe mwana wa chaka chachitatu ku yunivesite amawadziwa pamtima. Boma la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ambiri mwa iwo alimi, ndipo aliyense ali ndi vuto lomwe chitsulo chopindidwa mwanzeru chikanamuchotsera.

Mainjiniyawo tili nawo. Polytechnic ya pa Ginnery Corner, yomwe kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, yakhala ikusula amisiri kuchokera m'zaka za m'ma 1960. MUST ya ku Ndata m'boma la Thyolo inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Ku Bunda amaphunzitsa uinjiniya wa zaulimi ndi wa mthirira, ku Mzuni za mphamvu ya dzuwa ndi mphepo. Ana omwe anakhoza masamu ndi sayansi mochititsa kaso, ena a iwo ochokera konkuno kumapiri, amakakhala kumeneko zaka zinayi kapena zisanu. Nanga bwanji amayi a ku Bembeke akutsukabe mbatata ndi manja?

Yankho lomwe timalimva pa mwambo uliwonse wopereka madigiri landitopetsa, ndipo landikwiyitsa. Amaimirira bwana wovala suti, n'kuuza ana kuti asinthe kaganizidwe, asamadikire kulembedwa ntchito, akhale iwo olemba anzawo. Anthu amawomba m'manja. Koma muyang'aneni wolankhulayo. Chichokereni pa sukulu wakhala akulandira malipiro tsiku lomwelomwelo mwezi ndi mwezi, galimoto ndi ya ofesi, mafuta ndi a ofesi, ndipo sanagulitsepo ngakhale msomali umodzi wopanga yekha. Munthu ali pamtunda, nsapato zili zouma, akukuwira mwana kuti alumphire m'mtsinje wodzaza, ndiye mwanayo akazengereza akuti ndi waulesi. Chimenechi ndi chipongwe, ndipo tisamachitchule dzina lina.

Ofufuza nawonso aikonda nkhaniyi. M'mayiko ambiri amagawa mapepala a mafunso kwa ophunzira za uinjiniya kuti aone chomwe chimapangitsa wina kulakalaka kuyambitsa bizinesi, wina ayi. Ambiri amatsamira pa maganizo a katswiri Icek Ajzen, yemwe mu 1991 anafotokoza kuti cholinga cha munthu chimaima pa mafuwa atatu: mmene iye mwini akuchionera chinthucho, zomwe anthu ofunika kwa iye anganene, ndi chikhulupiriro chake chakuti angakwanitsedi. Sindikutsutsana naye. Mafuwawo ndi oona. Chomwe ndikukana ndi chizolowezi chathu chotenga mfundo yabwinoyi n'kuisandutsa chikwapu, ngati kuti zitatu zonsezo zimamera zokha m'mutu mwa mwana. Sizimera zokha. Timazidzala ndife, kapena timazizula ndife, ndipo kuno ku Malawi timazizula ndi mizu yomwe.

Ndikunena zomwe ndaziona m'nyumba mwathu. Mwana wa mlongo wanga anakulira m'madimba a kuno, anapita ku yunivesite ina kukaphunzira za makina. Chaka chomaliza anapanga chomwe anachilota ali mwana: mgolo wa waya wozungulira wotsuka mbatata, wokhala ndi mipata yosiyana kukula kuti mbatata izidzisankha yokha ikamatuluka. Unagwira ntchito. Alendo anabwera tsiku lachionetsero, anajambulitsa pambali pake, anamugwira chanza. Iye anapeza malikesi apamwamba. Makinawo anawakankhira kuseri kwa nyumba yophunziriramo, pomwe panali kale ena a anzake a zaka zam'mbuyo, ndipo mvula inayamba ntchito yake. Palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa kuti kodi mlimi angagule pa ndalama zingati, kapena kuti kodi anakawayesapo pamunda weniweni.

Atabwera kumudzi anauza amayi ake kuti akufuna kutsegula malo opangira makina otere pa boma. Mlongo wanga, yemwe anagulitsa mbuzi ndi kulima dimba zaka zonsezo kuti mwanayu asasowe sopo ndi ya basi, anakhala chete kanthawi, kenaka n'kuti: "Mwana wanga, zaka zisanu zonsezi kuti uzikawotcherera zitsulo pamsika ngati wothawa sukulu? Nanga abale akowa adzaphunzira ndi chiyani?" Sindimuweruza mlongo wangayo. Pa banja la kumudzi, mwana wa ku yunivesite ndiye nkhokwe ya mtundu wonse. Fizi ya ang'ono ake, feteleza wa agogo, bokosi la maliro, zonse zikuyang'ana iye. Wobadwira m'banja lolemera akalephera bizinesi amabwerera kuchipinda chake n'kukadya nsima. Wa ku Kaphuka kapena kwa Kasumbu akalephera amagwetsa anthu khumi. Ofufuza akamalemba kuti ana a anthu abizinesi ndiwo amakonda kuyambitsa bizinesi, asamaiwale kuti ambiri mwa anawo ali ndi pogwera pofewa.

Usiku wake mnyamatayo anandibweretsera kope. "Amalume," anatero, "mtima ndili nawo. Koma ndawerengetsa, masamu ake sakutuluka." Ndinatsegula. Munali mtengo wa mapaipi, wa malata okhuthala, wa mota, wa mabering'i, wa ndodo zowotcherera, pafupifupi zonse zochokera kunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo womwe wauza kasitomala lero umakhala utasanduka bodza pofika tsiku lokagula zitsulo. Munali chiwongoladzanja. M'chaka cha 2024 banki yaikulu ya dziko lino inaika chake pa 26 peresenti, mabanki enawo n'kuwonjezerapo chawo, ndipo asanakumvere n'komwe amafuna chikole cha nyumba kapena malo okhala ndi mapepala. Mwana wa zaka 24 nyumba aitenga kuti? Chomwe ali nacho m'dzina lake ndi ngongole ya sukulu yomwe bungwe lobwereketsa ophunzira likuyembekeza kuti abweze. Munalinso mzere wa jenereta ndi dizilo, poti anakumbukira bwino mdima womwe tinakhalamo namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130.

Tamverani bwino apa. Tinamutuma mwanayu kukaphunzira kuwerengetsa katundu yemwe mlatho ungasenze usanathyoke. Waphunzira. Wagwiritsa ntchito luso lomwelo pa moyo wake, wapeza kuti mlathowo uthyoka, wakana kuwolokapo. Ndiye ife tikuti ali ndi kaganizidwe kolakwika? Mantha ake ndi umboni wakuti sukulu inamulowa. Wogula matumba a kaunjika n'kumagulitsa pamsika ndalama yake imabwerera pa sabata ziwiri. Wopanga makina imabwerera pa chaka kapena ziwiri, ngati yabwerera. Pa chiwongoladzanja chotere, dziko likuuza mwana aliyense wanzeru kuti gula ugulitse, usapange kanthu. Ndipo ana amva. Lero mphwangayo akuyenda m'midzi ndi tabuleti ya bungwe lina, kufunsa alimi kuti amadya kangati patsiku, pa kontrakiti ya miyezi itatu itatu.

Komabe ngakhale ndalama si muzu wa nkhaniyi. Tayesapo kugawa ngongole kwa achinyamata, maina a matumba ake akhala akusinthasintha, limodzi mwa iwo ndi NEEF, ndipo tonse tikudziwa mmene ndale zimalowerera pa mzere wa olandira. Chomwe chimasandutsa wophunzira kukhala mwini fakitale ndi munthu woyamba wonena kuti ndipangire, ndikulipira. Bill Hewlett ndi David Packard anayamba mu 1939 m'galaja ku Palo Alto ndi madola 538 okha. Mphunzitsi wawo wa ku Stanford, Frederick Terman, ndiye anawakankha kuti ayambe, ndipo kampani ya Walt Disney inawagula zipangizo zisanu ndi zitatu zoyezera mawu. Mphunzitsi wodziwa msika ndi kasitomala wolipira: kampani ya HP, yomwe makompyuta ake adzaza m'maofesi a ku Capital Hill, inabadwa pa ziwirizo.

Kasitomala wamkulu m'dziko muno ndi boma. Limagula madesiki, mabedi a m'zipatala, mijigo, mawilibala, zitseko, mathanki a madzi. Malamulo okondera Amalawi akhala akukhazikitsidwa: lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2017, ndi lina la 2020 lonena za mabizinesi ang'onoang'ono. Koma tsegulani chikalata cha tenda muone zomwe chimafuna. Zaka zingapo za ntchito yofanana ndi imeneyi. Mabuku a ndalama owunikidwa. Kalata ya chitsimikizo ya kubanki. Mwana wongotuluka kumene amagwa pa tsamba loyamba. Amene amapambana kawirikawiri ndi munthu wa chikwama, wopanda ngakhale sipanala, yemwe amakaoda katunduyo ku Dubai, ku China kapena ku Joni n'kuikapo phindu lake. Ndipo wopanga yekha akachita mwayi n'kupatsidwa ntchito, amadikira malipiro miyezi, nthawi zina zaka, katapila akumugogodera chitseko. Boma lomwe limachedwetsa malipiro a mmisiri wamng'ono likupha fakitale isanabadwe, ndipo lilibe ufulu wolalikira za mafakitale a m'masomphenya a Malawi 2063.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti tinayambapo bwino. Mjigo wa Afridev, womwe amayi amapopa kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa ndi m'mayiko ambiri a mu Africa, unayambira kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa dzina lakuti Maldev, ndipo unayesedwa m'chigwa cha Livulezi kwa anansi athu a ku Ntcheu. Lero yochuluka imapangidwa ku India, ife n'kumaitanitsa ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. Kachipangizo ka Pumani, kothandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, kanakonzedwa mogwirizana ndi madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi a Rice University ya ku America. Kapulumutsa ana ambiri, ndipo tiyenera kuthokoza onse amene anagwirapo. Koma dzina ndi la Chichewa, vuto ndi lathu, odwala ndi athu, kampani yokapanga kochuluka inakhala ya ku California. Nzeru zimabadwira kuno, phindu ndi ntchito zimakakulira kwina.

Mu Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa kunja katundu wina, kuphatikizapo mbatata ya kachewere, anyezi, mipando yamatabwa, zokolopera ndi zotokosera m'mano. Zotokosera m'mano! Dziko la nsungwi, la mitengo ya paini ya m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni, linafika poitanitsa timitengo totokosera m'mano. Koma kutseka chipata pakokha sikubala makina. Tsiku lomwe chiletsocho chinalengezedwa linayenera kukhalanso tsiku loitana ophunzira a chaka chomaliza n'kuwauza kuti nawu mndandanda, nazi zitsulo, pangani makina a chilichonse chili apachi, khumi oyambirira tigula ife.

Msika ulipo, ndipo Dedza yemweyu ndi mboni. Ku Mthembanji, mu 2020, a University of Strathclyde ya ku Scotland pamodzi ndi bungwe la United Purpose anaika magetsi a dzuwa a makilowati 12 ofikira makasitomala pafupifupi 60, ndipo anthu a kumudzi, omwe timawanena kuti alibe ndalama, anayamba kulipira magetsi. Ku Golomoti, kampani ya ku Canada ya JCM Power inamanga malo a magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022. Dedza Pottery, kuyambira 1987, yaonetsa kuti dothi lingasanduke makapu, mbale ndi matailosi zomwe alendo amanyamula kupita nazo kwawo, pomwe dongo labwino la ku Linthipe likudikirabe omwe angalipangire ng'anjo. A unduna atiuze poyera: pa ntchito zikuluzikulu zoterezi, ndi makampani angati a mainjiniya achinyamata a Chimalawi omwe anapatsidwa gawo, ngakhale lopanga zitsulo zogwiriziza mapanelo kapena losamalira malowo?

Kwa inu a ku mayunivesite, mawu anga ndi olemera chifukwa ndimakulemekezani. Phunziro limodzi la zamalonda la miyezi inayi, lothera pa mayeso olemba tanthauzo la bizinesi, silinapangepo mwini fakitale. Malo opangira zinthu omwe atsegulidwa ku MUBAS ndi ku MUST ndi chiyambi chabwino, koma ali kuseri kwa mpanda, ndipo mwana akangovula gauni makina odulira ndi kusemera zitsulo sawaonanso. Phunzirani kwa anzathu a ku Ghana. Yunivesite ya sayansi ya ku Kumasi, mu 1980, inanyamula makina ndi akatswiri ake n'kukawakhazika pakati pa amisiri a ku Suame Magazine, m'fumbi ndi m'girizi momwemo, kuti wa digiri ndi wa nyundo aziphunzitsana. Ife tili ndi Ndirande, tili ndi Biwi, tili ndi owotcherera a pa Dedza boma ndi pa Chimbiya omwe amakonza chigayo osaona chojambula chilichonse. Iwo ali ndi manja ndi makasitomala, ana athu ali ndi masamu. Takhala tikuwalekanitsa ngati ndi mitundu iwiri yodana. Ntchito ya chaka chomaliza isamalandire malikesi onse isanakhale mwezi umodzi m'manja mwa mlimi, ndipo ikatha ikhale ya mwana amene anaipanga, achoke nayo.

Nanunso ana anga, sindikusiyani. Ena mwa inu mumanyansidwa ndi girizi. Mumafuna chipewa choyera, nsapato zonyezimira ndi galimoto ya pulojekiti, ndipo mmisiri wa pamsika mumamuyang'ana ngati wantchito wanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha fizi, pomwe anatolera zitsulo zotayidwa n'kuimika makina amphepo opanga magetsi, anthu akumunena kuti wapenga. Sindikunena kuti umphawi ndi mphunzitsi wabwino, ayi. Dziko lomwe limanyadira mwana wotola m'dzala pomwe likanatha kumupatsa zipangizo liyenera kuchita manyazi. Ndikunena kuti iye sanaope kudetsa manja pamaso pa anthu a kwawo. Ndipo atsikana omwe alimba mtima kulowa m'makalasi amenewa, omwe amauzidwa kuti nyundo si ya mkazi ndipo banki imawafunsa za mwamuna, akuyenera kukhala oyamba pa mzere wa thandizo lililonse.

Khonsolo ya Dedza isadikire Lilongwe. Ipatule shedi imodzi pa boma, ikokeremo magetsi amphamvu, iikemo makina osemera zitsulo, opindira malata ndi owotcherera, mwana aliyense wa luso azilipira pa ola. Ipatulenso gawo la zogula zake za chaka, madesiki, mabedi othyoka a m'zipatala, mijigo yakufa, kuti likhale la makampani a achinyamata osapitirira zaka zitatu, osafunsidwa mbiri yomwe sangakhale nayo, ndipo malipiro azituluka pasanathe masiku 30. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu athu. Mtengo wa shedi imeneyi sungapose wa misonkhano ingapo ya kunyanja.

Ine ndatopa kudikira kuti amve. Mwezi wathawu ndinakhala pansi ndi alimi anzanga asanu ndi mmodzi a kalabu yathu, tinasonkha za mbatata ya m'dimba, ndipo tinamuitana mphwanga uja. Tinamuuza kuti tikufuna mgolo wake, theka la ndalama nali, theka lina akabweretsa. Anayang'ana ndalamazo nthawi yaitali osazigwira. Kenaka anafunsa kuti pa tsiku timatsuka matumba angati, madzi timatunga kuti, ndipo ngati tingalole kuti ukhale wopukusa ndi mapedulo a njinga m'malo mwa mota, kuti mtengo utsike. Mlongo wanga sanalankhulebe nane bwinobwino chichokereni tsikulo. Mnyamatayo wagwirizana ndi wowotcherera wina wachikulire wa pa boma kuti azigwiritsa ntchito makina ake madzulo, ndipo Loweruka likubwerali afika kudimba ndi tepi yoyezera.